PA KHOMO LA CIPATALA: MBIRI YA MAPHUNZIRO A MADOTOLO A NGOZI

Makilomita ngati 30 kucokera mu mzinda wa Chipata, m'dziko la Angoni a Mfumu Yaikulu Mpezeni, kufupi ndi malire a dziko la Malawi, kuli cipatala ca Mwami. Anthu ambiri a kum'mawa amene ali pa nchito ku migodi ndi m'matauni acidziwa bwino cipatala cimeneci, pakuti ena anabadwira momwemo, ena anaperekezako makolo ao kukacizidwa maso, ndipo ena analandirapo uthenga wakuti mbale wao wagonekedwa kumeneko. Nkhani ino iyambira pa khomo la cipatalaco, pamene ngolo ya ng'ombe kapena njinga yamoto imaima pakati pa usiku, itanyamula munthu amene mpweya wace uli pafupi kutha. Kodi iye amene aturuka kudzamlandira anaphunzitsidwa ciani? Anamphunzitsa ndani, ndipo maphunziro acewo anacokera kuti? Mafunso amenewa ali ndi mbiri yace, ndipo mbiriyo ikhudza munthu ali yense amene ali ndi abale kumudzi.

MASIKU A DOTOLO MMODZI

Mishoni ya Mwami inayambidwa ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist m'caka ca 1925, monga mphukira ya mishoni yao ya Malamulo ku Thyolo, m'dziko limene pa nthawiyo linali Nyasaland. M'caka ca 1927 kunafika dotolo woyamba, Dr. E. G. Marcus, ndipo cipatala cimawerenga zaka zace kuyambira pamenepo. Masiku amenewo mzinda wa Chipata unali ndi dzina la Fort Jameson. Ulendo wa ku Lusaka, wa makilomita ngati 570, umene lero basi imautha tsiku limodzi, unali wa masiku ambiri pa mseu wa pfumbi ndi matope, wooloka mtsinje wa Luangwa. Kutumiza wodwala kwa akatswiri a kutali kunali cinthu cosaganizirika. Bvuto lofika pa khomo linayenera kuthera pomwepo.

Nchito imene inachukitsa Mwami, monganso Malamulo, inali ya kusamala akhate. Khate ndi nthenda yoyenda pang'onopang'ono. Imampatsa dotolo nthawi yakutsegula buku, yakulembera mnzace kalata ndi kudikira yankho. Akhate analikubayidwa mafuta a mtengo wa chaulmoogra miyezi ndi zaka. Pafupi ndi caka ca 1950 kunabwera mankhwala a dapsone. Ndipo kuyambira 1981, pamene Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse, WHO, linalangiza zakuphatikiza mankhwala angapo pamodzi, midzi ya akhate inayamba kutha. Imeneyo inali nkhondo ya anthu odekha, ndipo anaipambana.

Koma pa khomo lomwelo panalikufikanso odwala a mtundu wina, amene sadikira. Analikubwera pa macila: mai amene mwana wakanika kubadwa, mnyamata wolumidwa ndi mphiri, wakhunyu wogwera pamoto, khanda lokomoka ndi malungo. Dotolo wa mishoni ali yense wa zaka zimenezo, ngakhale anali wanzeru cotani, anacokera ku sukulu ya ku Ulaya kapena ku America kumene matenda anaphunzitsidwa monga mwa ziwalo za thupi, a mtima pa okha, a mapapo pa okha, a mapfupa pa okha. Panalibe phunziro lapadera lonena za ora loyamba la munthu amene alikufa. Nzeru zotere dotolo anazitola yekha, usiku, pa odwala eni ace, ndipo pobwerera kwao anapita nazo.

Popeza munthu mmodzi sangakhale maso usana ndi usiku, amishoni anayamba msanga kuphunzitsa eni dziko. Ku Malamulo anayamba kuphunzitsa othandiza adotolo m'zaka za 1930, ndipo pa Mwami panatsegulidwa sukulu ya anamwino m'zaka za 1960. Omvera asunge mfundo iyi, pakuti nkhani idzabwererako: kuyambira kale, woyamba kumgwira wodwala pa cipatala ca kumudzi kawirikawiri ndi namwino kapena wothandiza dotolo, ndipo dotolo afika pambuyo.

KUMENE NCHITO IYI INABADWIRA

Munthu angayese kuti ku maiko olemera zinthu zinali bwino kuyambira kale. Iai. Ngakhale m'zipatala zazikulu za ku England ndi ku America, cipinda colandirira obvulala cinali kusiyidwa m'manja mwa dotolo wamng'ono koposa onse, wongoturuka kumene pa sukulu, pamene akulu anzace anali m'zipinda zam'mwamba kapena kunyumba zao. Wodwala koposa onse analikukomana ndi wodziwa pang'ono koposa onse.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. M'caka ca 1952 cipatala ca ku Leeds ku England cinaika dotolo wamkulu, Maurice Ellis, kuti nchito yace yonse ikhale ya cipinda ca obvulala, ndipo mu 1967 iye anatsogolera bungwe loyamba la madotolo otere m'dziko limenelo. Ku America, m'caka ca 1966, akatswiri analemba lipoti losonyeza kuti ngozi zinapha anthu 107,000 m'caka cimodzi cokha ca 1965, ndi kuti ambiri akadapulumuka akadalandiridwa bwino. Motero mu 1970 yunivesite ya Cincinnati inayamba kuphunzitsa madotolo nchito ya ngozi ndi matenda adzidzidzi monga ukatswiri woima pa wokha, ndipo mu 1979 ukatswiriwo unabvomerezedwa m'dziko lonselo. Awa ndiwo maphunziro amene nkhani ino irikunena: a munthu amene wakhala kale dotolo, nabwereranso kukaphunzira zaka zitatu kapena zinai kuti akhale katswiri wa khomo la cipatala.

Cinthu cina cinacitika kumudzi. M'caka ca 1976 dotolo wa mapfupa, James Styner, anagwa ndi ndege yace yaing'ono m'minda ya ku Nebraska. Mkazi wace anafera pomwepo, ndipo ana ace anabvulala koopsa. Atafika nao pa kacipatala ka kufupi, anaona kuti anchito a pamenepo, ngakhale anali ofuna kuthandiza, sanaphunzitsidwe coyamba kucita. Iye sanathere pa kudandaula. Pamodzi ndi anzace anakonza maphunziro a masiku owerengeka, amene anayamba mu 1978, nafalikira ku maiko ambiri.

Mtima wa maphunzirowo ndi dongosolo la zinthu zisanu, zimene pa Cingerezi amaziwerenga ndi malemba A, B, C, D, E. Coyamba ndi njira ya mpweya: kodi yatsekeka ndi mwazi, masanzi kapena lilime? Caciwiri ndi kupuma. Cacitatu ndi mwazi, kuuletsa kutayika ndi kubwezera wotayikawo. Cacinai ndi ubongo: kodi munthuyo alikumva, alikuyankha? Cacisanu ndi kumbvula ndi kumuona thupi lonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi kumfunditsanso kuti asazizidwe. Sukulu zakale zinaphunzitsa dotolo kuyamba ndi kufunsa mbiri ya nthenda, kupima, kupeza dzina lace, ndipo pomariza kupereka mankhwala. Dongosolo latsopano linatembenuza zimenezo: yamba waletsa cimene cirikumupha munthu tsopano lino, dzina la nthenda ulipeza iye alikupuma. Anthu a ku migodi sadzadabwa nazo izi, pakuti magulu ao a cithandizo coyamba akhala alikuphunzira ndi kupikisana pa zofanana nazo kwa zaka zambiri.

PHUNZIRO LA KU BLANTYRE

Kucokera ku Nebraska nkhani ibwerera kufupi ndi kwao kwa Anyanja. Pa cipatala ca Queen Elizabeth mu Blantyre, monga m'zipatala zambiri za mu Afrika, ana analikuonedwa monga mwa mzere: wofika poyamba, woonedwa poyamba. Koma mwana wodwala koposa salira. Amangoti zii kumbuyo kwa amace, ndipo mai waulemu amadikira nthawi yace osadziwa kuti nthawi ya mwana irikutha.

Professor Elizabeth Molyneux ndi anzace anasintha kacitidwe kameneka. M'caka ca 2001 anatsegula cipinda capadera colandirira ana odwala mwadzidzidzi, naphunzitsa anchito onse kusankhula ana pofika. Mwana ali yense aonedwa kanthawi kocepa pa khomo pomwe, naikidwa m'gulu limodzi mwa atatu: wofuna cithandizo pomwepo, wofuna kuonedwa msanga, kapena wotha kudikira. Zizindikiro zace ndi zosabvuta kuziloweza: kubanika, kupuma mobvutika, manja ozizira, kukomoka, kugwedezeka kwa thupi, kutha madzi m'thupi. Madotolo acikulire anatsika nakhala pa khomopo pamodzi ndi ang'onoang'ono. Zotsatira zace zinalembedwa: kale mwa ana 100 ogonekedwa analikumwalira 10 kufikira 18, koma pambuyo pace 6 kufikira 8. Sikunabwere makina odula kapena mankhwala acilendo. Cinasintha ndi maphunziro ndi dongosolo la pa khomo.

M'caka ca 2005 WHO inasindikiza maphunziro amenewa ndi dzina la ETAT, ndipo anafalikira ku maiko ambiri. Amalangiza kuti ngakhale mlonda wa pa cipata, kalaliki ndi wosesa adziwe kumzindikira mwana amene sayenera kuima pa mzere.

PAMENE BUKU LA KUTALI LINALAKWA

Akulu anati, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndi zoona; koma wanzeru amayamba wakayesa kalumoko asanamete nako mwana wace. Mabuku a ku Ulaya ndi ku America anaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti mwana wotentha thupi kwambiri, amene mwazi wace sulikuyenda bwino, athiridwe madzi ambiri m'mitsempha mofulumira. Madotolo a mu Afrika analoweza lamulo limeneli, nalilemba pa mayeso.

Kuyambira 2009 kufikira 2011 Professor Kathryn Maitland ndi madotolo a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania analiyesa lamulolo pa ana 3,141, ambiri a iwo odwala malungo ndi ocepa mwazi. Iwo eni analikuyembekeza kuti madziwo adzapulumutsa ana. Koma poziwerenga anapeza zina. Mwa ana 100 othiridwa madzi ambiri mofulumira, 10 kapena 11 anamwalira m'masiku awiri oyamba; mwa 100 amene anapatsidwa madzi pang'onopang'ono, anamwalira 7. Kuyesako kunaimitsidwa nthawi isanakwane. Pano pafunika kumvetsa bwino: ana otsegula m'mimba ndi opsa ndi moto sanali m'gulu limeneli, ndipo iwo afunikadi madzi. Koma kwa ana a malungo, m'zipatala zopanda makina opumitsira odwala, nzeru ya m'buku la kutali inalikuonjezera maliro.

Blantyre inasonyeza kuti maphunziro omangidwa pa zimene zifika pa khomo apulumutsa anthu. Kuyesa kwa ku Uganda, Kenya ndi Tanzania kunasonyeza kuti maphunziro ongokopera angathe kupha. Ali yense wolemba ndondomeko ya maphunziro a madotolo a ngozi mu Afrika amayenda pakati pa zinthu ziwirizi.

SUKULU ZA MU AFRIKA

Dziko la South Africa linabvomereza ukatswiri umenewu m'caka ca 2003, ndipo mu 2004 ophunzira oyamba analowa pa yunivesite ya Cape Town, imene inagwirizana ndi ya Stellenbosch, pa maphunziro a zaka zinai. Ghana inayamba ku Kumasi mu 2009. Mu 2010 anatsatira a ku Addis Ababa, ndiponso a cipatala ca Muhimbili ku Dar es Salaam, kumene akatswiri oyamba anatsiriza mu 2013. Botswana inayamba mu 2011, ndipo pambuyo pace Rwanda ndi Uganda. Ku Blantyre kunatsegulidwa nyumba yolandirira akulu obvulala ndi odwala mwadzidzidzi mu 2011.

Poyamba aphunzitsi ambiri anali alendo, ndipo ndondomeko zinali zobwereka. Cifukwa cace m'caka ca 2009 ku Cape Town kunakhazikitsidwa bungwe la African Federation for Emergency Medicine, kuti a mu Afrika alembe okha zoyenera kuphunzira. Bungwelo linaturutsa buku lace mu 2013, ndipo linakonza maphunziro a madotolo, a anamwino ndi a othandiza adotolo pamodzi, podziwa kuti onsewa asenza denga limodzi.

NJIRA YA ZAMBIA

Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha. Cosowa coyamba cinali madotolo a mtundu uli wonse. Mu 1965 Dr. James Lawless anayambitsa nchito ya madotolo oyenda pa ndege ku Ndola, kuti afikire anthu a kutali ndi miseu. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo madotolo ace oyamba anaturuka mu 1973. Kuciyambi kwa zaka za 1980 kunayamba maphunziro a ukatswiri ku Lusaka: a opareshoni, a matenda a ana, a amai, ndi a matenda a m'thupi. Uli wonse mwa mitundu imeneyi unali ndi odwala ace adzidzidzi, koma khomo lolowera onse linalibe katswiri wace wace.

Ngozi sizinadikire. Pa 25 September 1970 matope anagumukira mu mgodi wa Mufulira napha anthu 89, ndipo ku migodi tsikulo silinaiwalike. M'mwezi wa February 2013 basi inaombana ndi lole ku Chibombo, pa mseu wa ku Kabwe, ndipo anthu oposa 50 anamwalira. Kumapeto kwa 2023 ndi kuciyambi kwa 2024 kolera inagwira anthu oposa 20,000, kotero kuti bwalo la mpira la National Heroes ku Lusaka linasandulika cipatala. Masiku otere afuna munthu wodziwa kusankhula odwala ambiri nthawi imodzi, kugawa anchito, ndi kusunga mwazi ndi mpweya wocepa kuti zifike kwa amene zingawapulumutse.

Kwa zaka zambiri dotolo wa ku Zambia wofuna ukatswiri umenewu anayenera kupita kunja, makamaka ku South Africa. M'caka ca 2021 Dr. Kephas Mwanza, pamodzi ndi aphunzitsi a ku Cape Town, anasindikiza zimene anapeza pofunsa madotolo a ku Zambia ophunzira kumeneko za zimene anaona ndi zimene dziko lao lingatengepo. Funso limenelo ndi lofunika, pakuti Cape Town si Chipata. Kumeneko kuli makina ojambula m'mutu, kuli ambulansi zokhala ndi anchito ophunzira, ndipo odwala ambiri ndi obayidwa ndi mipeni kapena olasidwa ndi mfuti. Koma udzudzu wa malungo kulibe. Munthu angathe kutha zaka zinai kumeneko, nakhala katswiri weniweni, koma osaona ana okomoka ndi malungo ambiri monga amene namwino wa kum'mawa amawaona m'dzinja limodzi.

Kunyumba nakonso anthu sanakhale pansi. Sukulu ya Chainama ku Lusaka, imene inalikuphunzitsa othandiza adotolo, amene kale anali ma Medical Assistant ndipo tsopano ndi ma Clinical Officer, inayamba mu 2002 kuwaonjezera maphunziro kuti athe kucita opareshoni zofulumira, monga kuturutsa mwana wokanika kubadwa, m'zipatala za m'maboma. Maphunziro a masiku asanu a cithandizo cofulumira, amene WHO ndi a Red Cross anasindikiza mu 2018, anayamba ayesedwa ku Zambia, Uganda ndi Tanzania. Kuyambira 2018 Unduna wa Zaumoyo unatsegula njira yakuphunzitsira akatswiri m'zipatala zazikulu za m'zigawo, kuti onse asaunjikane ku Lusaka. Ndipo ku Malamulo, kumene Mwami anaphukira, anayamba mu 2014 kuphunzitsa akatswiri a opareshoni pakati pa minda ya tiyi, kusonyeza kuti cipatala ca kumudzi cingathe kukhala sukulu ya ukatswiri. Mu 2019 maiko onse a mu WHO anagwirizana kuti cithandizo cofulumira cifike kwa munthu ali yense.

ZOYENERA KUKONZA

Mbiri yonseyi ikaikidwa pamodzi, isonyeza zinthu zisanu zimene ndondomeko yabwino ya maphunziro iyenera kukhala nazo.

Coyamba, iyambire pa matenda a dziko. Katswiri wa kum'mawa adziwe kuti pa malungo oopsa mankhwala a artesunate apulumutsa ana ambiri koposa kwinini, monga kunaonetsedwa mu 2010. Adziwe mlimi wa thonje kapena wa fodya amene wamwa kapena kupuma mankhwala ophera tizirombo: thobvu kukamwa, thukuta, timaso tating'ono, ndipo asaope kumbaya atropine wambiri kufikira cifuwa ciuma. Adziwe kuti mai wotaya mwazi atabereka athandizidwa ndi tranexamic acid akapatsidwa asanathe maora atatu, monga kunapezeka mu 2017 pa kuyesa kumene zipatala za ku Zambia zinalimo. Adziwe njoka za dziko lace, ndi mitu yosweka ya anyamata a njinga zamoto.

Caciwiri, iyese manja, isangowerenga miyezi. Kale wophunzira analikukhala miyezi itatu m'cipinda ici, itatu m'cipinda ico, nalemba mayeso a pa pepala. Koma kukhala pafupi ndi nchito si kuidziwa. Sukulu zatsopano zifuna kuti mphunzitsi amuone ndi maso wophunzirayo alikulowetsa paipi ya mpweya kukhosi, alikuboola cifuwa kuti mwazi uturuke, alikutsitsimutsa khanda, ndipo alembe m'buku kuti waitha. Zambiri ayamba waziyesa pa zidole zopangidwa ngati anthu, pakuti cidole cikhululuka, koma madzi akatayika saoleka.

Cacitatu, imtumize wophunzira kumudzi. Amene waphunzira m'cipatala cacikulu cokha amazolowera kuitana katswiri wina pa lamya ndi kutumiza wodwala ku makina. Miyezi ingapo pa cipatala conga ca Mwami imphunzitsa kupima ndi manja, maso ndi makutu, kugwira nchito magetsi atazima, ndi kuweruza mlandu wobvuta koposa: kodi wodwala uyu atumizidwe ku Chipata kapena ku Lusaka, kapena adzafera pa njira? Ndipo akatumizidwa, akonzedwe bwanji, apite ndi yani, ndi mpweya wocuruka bwanji?

Cacinai, imphunzitse kuphunzitsa. Cigawo ca Kum'mawa cinali ndi anthu oposa 2,400,000 pa kalembera wa 2022. Ngakhale akatswiri atacuruka cotani, sadzaima pa khomo liri lonse. Monga m'masiku a Dr. Marcus, woyamba kumgwira wodwala adzakhalabe namwino kapena Clinical Officer. Motero katswiri amene apulumutsa anthu khumi ndi manja ace wacita bwino, koma amene waphunzitsa anamwino makumi asanu dongosolo la zinthu zisanu lija apulumutsa anthu amene iye sadzawaona nkhope. Kuphunzitsa, kutsogolera gulu, kulankhula ndi abale a wodwala m'cinenero cao ndi mwaulemu, ndiponso kukonzekera tsiku la ngozi yaikulu, zonsezi ziyenera kulembedwa m'ndondomeko ndi kufunsidwa pa mayeso.

Cacisanu, imzoloweze kulemba ndi kuwerenga. A ku Blantyre akadapanda kuwerenga ana omwalira, palibe akadakhulupira kuti kusankhula pa khomo kuthandiza. A ku Uganda akadapanda kuwerenga, lamulo la madzi lija likadapitirirabe. Ndondomeko ya maphunziro ndiyo nyumba ya udzu: ifuna kufoleredwa kawirikawiri, ndipo buku la pa khomo, lolembedwamo amene anafika, nthawi imene anafika, ndi cimene cinawacitikira, ndilo lisonyeza pamene padontha.

MBALI YA ANTHU WAMBA

Nkhani ya maphunziro a madotolo ioneka ngati ya akulu a ku yunivesite okha, koma muli mbali ya munthu ali yense. Katswiri sangabweze maora amene anatayika kunyumba podikira kuti kuce, kapena podikira mwini mbumba kuti abvomereze ulendo. Sangathire mwazi umene palibe anaupereka. Mwamuna wa ku mgodi amene anaphunzira kuletsa mwazi ndi kumgoneka camphepete munthu wokomoka, akapita ku chuti kumudzi ali ndi cuma coti agawire abale ace. Ndipo munthu amene wafika m'mamawa pa cipatala, naona namwino alikutenga mwana wofika mocedwa ndi kumlowetsa patsogolo pa onse, asayese kuti ndi tsankho. Namwinoyo waona cimene ena sanacione, ndipo alikucita monga anaphunzitsidwa.

Caka ca 2027 ndico cokwanitsa zaka 100 cifikire dotolo woyamba pa Mwami. M'zaka zimenezo midzi ya akhate inatha, mseu wa ku Lusaka unathiridwa phula, ndipo ana a eni dziko anakhala madotolo ndi aphunzitsi a madotolo. Koma ngolo irikufikabe usiku pa khomo lija. Akulu olemba ndondomeko za maphunziro ku Lusaka, ku Ndola, ku Blantyre kapena ku Cape Town ali ndi muyeso umodzi woyesera nchito yao: wophunzira wao ataimikidwa pa khomo limenelo, ndi namwino mmodzi, nyali imodzi ndi botolo limodzi la mwazi, kodi adzadziwa coyamba kucita?